Gogo Chimkhosi m'Chitsime cha Nankhoma

Mu Ufumu wa Tidyeretu, nyama ikangomva kuti aisankha kukhala chizindikiro cha dziko inkayambiratu kutsazika abale ake. Adayamba ndi ntchefu. Adaijambula pa mbendera ndi pa zipewa za apolisi, kenaka nduna zidagwirizana kuti mlendo wolemekezeka sangachoke m'dziko osalawako chizindikiro chake. Alendo olemekezeka adachuluka modabwitsa, ndipo patatha zaka zisanu ntchefu idatsala pa mbendera pokha. Adasankha nkhanga, nkhanga zidatha. Adasankha mtengo wa mbawa poganiza kuti mtengo sudyedwa, koma adaiwala kuti nduna zimafunanso mipando. Choncho pamene nkhani ino ikuyamba, pakati pa mbendera ya Tidyeretu padali bwalo loyera lopanda kanthu, ndipo anthu a maiko oyandikana ankati ndi chithunzi cha mbale imene eni ake adya kale.

Zonsezi Zakeyu Kamtedza wa m'mudzi wa Pakhosipauma sankazitsata. Iye adali mmisiri wokumba zitsime, ndipo munthu amene theka la moyo wake amakhala pansi pa nthaka saona mbendera kawirikawiri. Adakumbira amishoni, adakumbira eni magolosale, adakumbira ngakhale mlamu wa nduna ina, koma pakhomo pake padalibe chitsime. Mkazi wake Nankhoma adatha zaka makumi atatu akutunga ku mtsinje wa Bwererani, maola awiri kupita, atatu kubwera. Tsitsi la pakati pa mutu wake lidatha ndi ndowa, ndipo mawondo ake ankalira ngati chitseko chakale. Pomufunsira ukwati, Zakeyu adalonjeza chitsime pamaso pa ankhoswe. Ankhoswewo adamwalira onse akudikira.

Tsiku lina Nankhoma adapunthwa atatsala pang'ono kufika pakhomo, madzi onse n'kutayika. Sadalire. Adangokhala pansi pomwepo n'kuyang'ana dothi likumwa madzi ake.

"A Mbewe," adatero kwa mwamuna wake, pomutchula mfunda wake monga mwa nthawi zonse, "ine mutu wanga watha. Mukandiike m'manda ndi ndowa yomweyi, mwina kumeneko mtsinje uli pafupi."

Zakeyu adachita manyazi ndithu, ndipo m'mawa mwake adatenga piki ndi fosholo n'kuyamba kukumba kuseri kwa nkhokwe. Iye ankakumba, Nankhoma n'kumakoka ndowa ya dothi ndi chingwe. Atafika mkwamba wachisanu ndi chimodzi, dothi lidayamba kuzizira ndi kumata m'zala, ndipo wokumba zitsime aliyense amadziwa tanthauzo lake. Koma asanafuule, piki idagunda chinthu cholimba.

"Mwagunda mwala?" adafunsa Nankhoma ali pamwamba.

"Si mwala. Ndi fupa."

"La ng'ombe?"

"Ngati ndi ng'ombe, ndiye inkadya udzu wa padenga itagona chogona. Likukula ngati mtondo, ndipo sindikuona pothera pake."

"Ndiye liphwanyeni, muponye m'ndowa, tikataye kudzala. Madzi ali pafupi."

"Ayi, Nankhoma. Fupa lokwiririka ndi maliro, ndipo maliro ali ndi mwini wake. Bambo anga ankati madzi a pamanda samwedwa mpaka eni ake atabwera kudzachotsa munthu wawo. Ndikanena ku boma."

Apa ndi pamene Zakeyu adalakwa koyamba. Ku Tidyeretu munthu wanzeru akatola chinthu amatseka pakamwa, chifukwa boma la kumeneko silimva munthu akamalira ludzu koma limamva singano ikagwa m'thumba mwake.

Patapita masiku atatu kudabwera Dokotala Nsanjama, mayi wophunzira za zinthu zamakedzana, amene kwa zaka khumi adali ndi ofesi yopanda chochita. Adatsikira m'dzenje ndi kaburashi, n'kutuluka akugwetsa misozi ya chimwemwe. Adati chimenecho chidali chinyama cha mtundu wa abuluzi, chachitali kuposa mabasi awiri, chimene chidafa kalekale anthu asanakhaleko. Adamulonjeza Zakeyu kuti pa masabata awiri adzachotsa mafupa onse, iye n'kupitiriza chitsime chake. Mayiyu ankanena zoona, kungoti adalemba lipoti.

Lipotilo lidagwera m'manja mwa a Mkutamimba, Nduna ya Zizindikiro, Mbendera ndi Kuomba M'manja, ndipo pasanathe sabata Zakeyu adapezeka ku likulu la Mawamawa, atakhala pansi m'bwalo la Mfumu Sindilakwa Wachinayi. Nduna makumi anayi zidakhala pa mipando ya mbawa. A Mkutamimba adaimirira n'kutambasula chithunzi chimene Dokotala adajambula.

"Mfumu yathu, wamuyaya, wosaphonya," adayamba motero, "tasankha zizindikiro zitatu ndipo zonse zatikhumudwitsa pomangotha. Lero ndabweretsa nyama imene singathe, chifukwa inatha kale!"

M'manja mudaombedwa mpaka nkhunda zidauluka padenga. Nduna ina yokalamba idakweza dzanja.

"Pepani, kodi imadyedwa?"

"Inkadyedwa mwina," adayankha a Mkutamimba, "koma tachedwa."

Bwalo lidakhala chete kwa mphindi imodzi polira tsoka limeneli. Kenaka Mfumu idayang'ana Dokotala Nsanjama.

"Nyama imeneyi inkagwira ntchito yanji?"

"Inkangodya, Mfumu. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

"Analipo woiletsa?"

"Panalibe, Mfumu. Inali yaikulu kwambiri."

Maso a Mfumu adalengeza misozi. "Ameneyu ndi gogo wanga," idatero ndi mawu onjenjemera. "Magazi sanama."

Dokotala adayesa kufotokoza kuti nthawi imeneyo kudalibe anthu, koma a Mkutamimba adamudula. "Mwamva nonse? Akatswiri atsimikiza kuti banja lachifumu linayamba anthu asanayambe. Mlembi, lemba!"

Lamulo lidawerengedwa pomwepo. Nyamayo idzatchedwa Gogo Chimkhosi, Kholo la Fuko. Idzakhala pa mbendera, pa zitenje ndi pa makope a ana asukulu. Palibe wololedwa kukumba mkati mwa mapazi zana kuchokera pamene Gogo wagona, kapena kutungapo madzi. Wophwanya lamuloli adzakhala zaka khumi m'ndende ya Tionanabwino.

Zakeyu adaomba m'manja mwaulemu n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga chitsime changa, Mfumu?"

"Wati chiyani munthuyu?"

"Akuthokoza, Mfumu," adatero a Mkutamimba.

Pomuthokozanso, adamusankha kukhala Mlonda Wamkulu wa Kholo la Fuko. Adamupatsa chipewa chokhala ndi baji, ndi wezulo.

Pobwerera adadzera pa msika wa Ingoonani, pamene zitenje za Gogo Chimkhosi zidali zitafika kale, pakuti mlongo wa a Mkutamimba adali ndi fakitale ya nsalu. Anthu adamuzungulira. Bwanali wogulitsa nyama adatambasula chitenje chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa.

"Taonani," adatero. "Chikhosi chofika m'nkhokwe ya mnzako iwe uli pakhomo pako. Chimimba ngati mgolo. Kamutu ngati chibakera cha mwana. Wojambula ameneyu am'mange msanga, wajambula boma."

"Musanyoze, achimwene," adayankha Mayi Esinati wa matimati. "Aka n'koyamba boma kusankha nyama imene ife ndi iwo tikudya mofanana."

"Ati ndi mafupa okhaokha?" adafunsa wina.

"Ndiye ndi yathu imeneyo," adatero Bwanali. "Mafupa ndi amene timalandira chiyambire. A Kamtedza, tiimbireni wezuloyo timve ufumu wanu."

Zakeyu sadaseke. Ankaganiza za mmene akafotokozere Nankhoma kuti wapita ndi chitsime, wabwera ndi chipewa.

Boma lidamanga mpanda wa waya kuzungulira dzenjelo n'kukhoma chikwangwani chachikulu. Koma madzi sawerenga zikwangwani. Pasanathe mwezi adatumphuka okha, oyera mbee, n'kuphimba mafupa a Gogo. M'mawa uliwonse Nankhoma ankadutsa pampandapo ndi ndowa yake pa ulendo wa ku Bwererani, mwamuna wake ataima pachipata ndi wezulo m'khosi, kulondera madzi a pakhomo pake kuti mkazi wake asawabe.

"A Mbewe, ndowa imodzi yokha," adatero tsiku lina. "Gogo wanuyo sakumwa."

"Zaka khumi, Nankhoma. Ndipo ndi pamanda."

"Chabwino, bwana mlonda. Mukamva ludzu muziyamwa wezuloyo."

Adapita akutsimphina. Zakeyu adamuyang'ana mpaka adazimiririka, ndipo mtima udamuwawa kwambiri moti adavula chipewa chija n'kuchikhalira.

Kenaka kudayamba kubwera magalimoto. Ankabwera masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa ku Tidyeretu wakuba wokhala ndi kalata ya chidindo sasowa mdima. Oyamba adali a Mkutamimba eni ake, amene adanyamula fupa la ntchafu kuti akalisunge bwino. Nduna ya Zaumoyo idatenga nthiti ziwiri kuti akatswiri akaone chimene chidapha Gogo, kuopa kuti chingafalikire. Mlamu wa Mfumu adatenga mafupa a msana, ndipo amene adalowapo m'bala yake ya mowa amati ndi mipando yabwino. Chigaza adachitumiza kunja kukaphunzira. Aliyense ankasiyira Zakeyu kalata, n'kusamba m'manja ndi madzi a m'dzenjemo, madalaivala awo n'kudzaza zigubu zothira m'galimoto. Dokotala Nsanjama atadandaula, adamukweza udindo n'kumutumiza kumalire a dziko kukayang'anira ofesi yolosera za mvula ya chaka chatha.

Patatha miyezi khumi ndi umodzi, Zakeyu adatsikira m'dzenje n'kufufuza ndi mapazi m'madzi ofika pachifuwa. Mudalibe ngakhale kachala. Nyama imene singathe idali itatha kachiwiri. Adatuluka akuseka ngati mwana.

"Nankhoma! Eni maliro atenga munthu wawo yense! Si pamandanso pano. Ndikauze a Nduna achotse mpandawu."

"Musapite," adatero Nankhoma. "Tiyeni tingoyamba kutunga mwakachetechete."

"Zinthu zimafuna dongosolo."

Apa ndi pamene Zakeyu adalakwa kachiwiri, ndipo Nankhoma adangopukusa mutu, podziwa kuti adakwatiwa ndi munthu woongoka ngati mpini m'dziko la anthu okhota.

A Mkutamimba atamva kuti Gogo watha, thukuta lidawatsika mpaka m'kolala. Kudangotsala masabata awiri kuti Mfumu ipite ku Pakhosipauma kukaona kholo lake pa chikondwerero cha chaka chimodzi cha mbendera yatsopano. Adamuuza Zakeyu kuti adikire panja. Zakeyu adadikira maola asanu pabenchi, ndipo yankho lake adalimvera pa wailesi ya mlonda wa pachipata. Wailesiyo idati Mfumu, mwa chifundo chake chosayerekezeka, yaona kuti n'zochititsa manyazi kuti Kholo la Fuko lizigona pamtetete ngati galu. Gogo Chimkhosi aikidwa m'manda mwaulemu wonse wa boma. Dzenje lidzakwiriridwa ndi miyala ndi simenti, pamwamba n'kumangapo chiliza. Ndipo popeza adakumba mandawo ndi Zakeyu Kamtedza, iyeyo ndiye adzatsogolere adzukulu okwirira.

Zakeyu adayenda ulendo wonse wobwerera ali ndi mkwiyo waukulu. Koma ali m'njira adakumbukira chinthu chimodzi. Pa mwambo wa kwawo, adzukulu, anthu okumba ndi kukwirira manda, pamaliro amalankhula chilichonse. Amatha kunyoza namfedwa, amatha kutukwana mwini mbumba, ndipo palibe angawaimbe mlandu. Kwa tsiku limodzi lokha, pakamwa pake padzakhala popanda mpanda.

Tsiku la maliro, Pakhosipauma idaona magalimoto ochuluka kuposa nkhuku za m'mudzimo. Pakamwa pa dzenje adayalapo mbendera yaikulu, a Mkutamimba atafotokozera Mfumu kuti mwambo sulola wachibale kuona nkhope ya kholo limene lidamwalira zaka zoposa chikwi zapitazo. Mwambo umenewu udali ndi masiku anayi chibadwire. Nduna zidalira molingana ndi kukula kwa fupa limene zidatenga, ndipo a Mkutamimba, a ntchafu aja, adachita kuwagwira anthu awiri. Mlaliki adati Gogo adali wofatsa, wokonda mtendere, wosadya za eni. Anthu a pamsika adakhala kumbuyo padzuwa, Nankhoma ali pakati pawo, manja ali m'chitenje.

Itakwana nthawi yokwirira, Zakeyu adaima pamphepete pa dzenje n'kuzika fosholo yake pansi.

"Ndilankhule ine mdzukulu!" adafuula. "Eni maliro, mukulira ndani? Muno mulibe munthu! Ntchafu ili pabalaza kwa a Mkutamimba, amapachikapo jekete. Nthiti zili kwa a Zaumoyo. Msana anthu akuukhalira ku bala ya alamu anu, Mfumu. Mutu uli kusukulu kunja, mwina ubwera ndi digiri. Gogo wanu munamudya ngati mmene munadyera ntchefu! Muno muli madzi, madzi a mkazi wanga uyo wakhala apoyo, amene wayenda zaka makumi atatu kupita ku Bwererani. Lero mwasonkhana dziko lonse kudzaika chitsime m'manda!"

A Mkutamimba adasiya kulira pakati pa mawu. Apolisi adayang'ana Mfumu, Mfumu idayang'ana Zakeyu. Kenaka mapewa a Mfumu adayamba kugwedezeka, ndipo idaphulika ndi phwete mpaka kudzimenya pantchafu.

"Mutu ubwera ndi digiri! Iii, adzukulu a kuno ndi akatswiri! Mkutamimba, wamva? Ati umapachikapo jekete!"

"Ndamva, Mfumu, ndi woseketsa zedi," adatero a Mkutamimba, n'kuseka kuposa onse.

Nduna makumi anayi zidaseka, apolisi adaseka, mlaliki adaseka. Zakeyu adali ataiwala mbali ina ya mwambo uja. Mdzukulu saimbidwa mlandu chifukwa palibe amene amatenga mawu ake ngati oona. Mfumu idalamula kuti amupatse mwendo wa mbuzi chifukwa chosangalatsa anamfedwa. Kumbuyo kuja, padzuwa, palibe adaseka.

"A Kamtedza anena zoona kamodzi, alandira mwendo," adanong'ona Bwanali. "Kukanakhala kuti si pamaliro, akanachotsedwa wawo."

Adzukulu adakweza mphepete ya mbendera n'kugubuduzira mwala woyamba. Udagwera m'madzi kuti chubwi, ndipo madontho adafika pa nsapato za Mfumu.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Gogo akuyankha, Mfumu," adatero a Mkutamimba. "Akuti mwachita bwino."

Zakeyu adakwirira chitsime chake ndi manja ake, fosholo ndi fosholo, misozi ikutsika, ndipo atolankhani adalemba kuti palibe adalira Kholo la Fuko ngati mlonda wake. Atamaliza, akuluakulu adasamba m'manja ndi madzi a m'mabotolo n'kukwera magalimoto awo. Adzukulu nawo amayenera kusamba ndi kutsuka makasu asanalowe m'mudzi. Madzi ake adali amene Nankhoma adatunga ku Bwererani m'mawa wa tsiku lomwelo.

Padapita masiku atatu. Tsiku lachinayi Zakeyu adaima pa chiliza chatsopano, chimene simenti yake idali itayamba kale kung'aluka, n'kuyamba kuwerenga mapazi. Atakwana zana limodzi adawonjezera limodzi, n'kupezeka ali pafupi ndi khola la mbuzi zake. Adapachika chipewa cha baji pa nsichi ya kholalo, adalavulira m'manja n'kukweza piki. Nankhoma adabwera ndi chingwe osaitanidwa.

Adakumba masabata atatu. Pa mkwamba wachisanu ndi chimodzi dothi lidazizira n'kuyamba kumata m'zala. Ndipo piki idagunda chinthu cholimba.

Zakeyu adagwada n'kupalasa ndi manja. Lidali fupa loyera, lalikulu ngati mtondo, lopanda pothera. Gogo Chimkhosi sadafe yekha, adali ndi abale. Zakeyu adakhala nthawi yaitali akuliyang'ana. Adakumbukira bambo ake ndi mawu awo, ndipo zidamuwawa, chifukwa chikhalire sadaphwanyepo mwambo wa ntchito yake. Madzi adayamba kunyowetsa mawondo ake.

"Mwagunda chiyani, a Mbewe?" adafunsa Nankhoma ali pamwamba.

"Muzu."

Nankhoma adasuzumira. Dzuwa lidali paliwombo, ndipo lidawala mpaka pansi pa dzenje, pa chinthu choyeracho. Adayang'ana uku ndi uku pabwalo lake, pamene padalibe mtengo ngakhale umodzi chithere mbawa zija.

"Inde, ndi muzu," adatero, akutsitsa chingwe. "Uphwanyeni, muponye m'ndowa."